Tsiku limene woyimba ng'oma anakhala patsogolo

Mawu oti chimbale timawatchula pafupifupi tsiku lililonse. Woyimba akaponya nyimbo khumi pa intaneti timati watulutsa chimbale, ngakhale palibe chinthu chogwirika chimene munthu anganyamule m'manja. Ambiri a msinkhu wanga sitiganizako n'komwe kuti mawuwa anachokera ku mbale yeniyeni, yakuda, yozungulira, imene makolo athu ankaika pa gumbagumba n'kutsitsirapo singano.

Ine mbale zotere ndinaziona ndili mwana, m'katoni imene inkakhala kunsi kwa bedi la agogo anga aamuna. Iwo anagwirako ntchito ku migodi ya mkuwa ku Zambia, monga anachitira Amalawi ambiri a nthawi yawo, ndipo pobwerera kumudzi anabwera ndi njinga, gumbagumba ndi katoni imeneyo. Gumbagumbayo inafa ine ndisanabadwe. Mbale zija ife ana tinkazigubuduza pabwalo ngati matayala, zina zinapindika ndi dzuwa, ndipo agogo atamwalira zotsala zonse zinapita kudzala. Palibe amene analemba ngakhale mayina a oyimba amene anali pamenepo.

Katoni ija ndinaikumbukira kumapeto kwa 2024. Mnzanga wina ku hositelo anandipatsa foni yake n'kunena kuti, "Aise, tamva izi, mu nyimbo ya ku America muli Chinyanja." Inali nyimbo yotchedwa Noid ya Tyler, the Creator, ndipo zinali zoona. Mkati mwake munali gitala wokalipa ndi mawu a chilankhulo chathu. Tyler anatenga chidutswacho mu nyimbo ya Nizakupanga Ngozi ya bandi ya ku Lusaka yotchedwa Ngozi Family, yomwe ili pa chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977. Usiku umenewo bando yanga inathera pofufuza bandi imeneyi, ndipo kufufuzako kunandifikitsa pa chimbale china chimene sichinali cha mtsogoleri wa bandiyo, Paul Ngozi, koma cha munthu amene ankakhala kumbuyo kwake ndi timitengo tiwiri m'manja. Dzina lake ndi Chrissy Zebby Tembo, ndipo chimbale chake ndi My Ancestors.

Chimbale chimenechi chinatuluka koyamba ku Zambia pakati pa zaka za m'ma 1970, kenako chinasowa kwa zaka zambiri. Lero chikupezekanso pa mbale yatsopano ya vinyl chifukwa kampani ya ku America ya Mississippi Records inachidindanso. Ndikufuna kufotokoza mmene chimbalechi chinabadwira, mmene chinasowera, ndiponso chifukwa chimene kubwerera kwake kumandisangalatsa ndi kundichititsa manyazi nthawi imodzi.

Tiyambe ndi mkuwa, poti popanda mkuwa nkhaniyi siimveka. Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, miyezi itatu ndi theka ife titalandira wathu. Mosiyana ndi Malawi, dzikoli linali ndi chuma chapansi panthaka. Mkuwa unkabweretsa ndalama zakunja zoposa 90 pa 100 zilizonse, ndipo mu 1969 Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 a makampani a migodi. Matauni a Kitwe, Ndola, Chingola, Mufulira ndi Luanshya anadzaza ndi anthu olandira malipiro a pamwezi. Munthu wa pamwezi amagula wayilesi, amagula mbale, ndipo Loweruka amalipira pakhomo la holo kuti akavine. Ana a anthu amenewa anakula akumva The Beatles, The Rolling Stones, Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath. Mu 1970 James Brown mwiniwake anafika ku Zambia n'kuyimba. Sizodabwitsa kuti anyamata anayamba kusula mabandi awo. Kunabwera Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Amanaz, The Peace, ndi WITCH, imene woyimba wake Emmanuel Chanda anapatsidwa dzina loti Jagari pomuyerekeza ndi Mick Jagger. Nyimbo zawo ndi zimene lero zimatchedwa Zamrock.

Panalinso zinthu ziwiri zimene zinathandiza. Choyamba, ku Ndola kunali fakitale ya Teal Record Company yodinda mbale, komanso kampani ya Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo imene inkatenga mabandi n'kutulutsa zimbale zawo. Chachiwiri, pakati pa zaka za m'ma 1970 Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zomveka pa wayilesi ya boma zikhale za ku Zambia. Cholinga chinali kulimbikitsa chikhalidwe cha dziko ndi kumanga mtundu umodzi. Wayilesi inayamba kufuna nyimbo zambiri za kwawo kuposa zimene zinalipo, ndipo amene anali okonzeka kudzaza mpatawo anali anyamata a mathalauza okhuthukira kumapazi ndi magitala amagetsi. Lamulo lofuna kuchepetsa nyimbo zachilendo linapatsa mphamvu achinyamata amene anaphunzira kuyimba pomvera nyimbo zachilendozo.

Mu nyengo imeneyi ndi mmene Paul Dobson Nyirongo, wobadwa mu 1949, anatchuka ndi dzina loti Paul Ngozi. Kwa ife dzinali silifuna womasulira. Bandi yake inali ya anthu ochepa: iye pa gitala ndi mawu, Tommy Mwale pa bezi, ndi Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma. Zimbale monga Day of Judgement cha mu 1976 ndi The Ghetto zinamupanga kukhala liwu la anthu a m'makomboni a Lusaka. Iye ankayimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, ndipo dzina la bandi yonse linali lake.

Apa ndi pamene pakubwera My Ancestors. Pa chimbale chimenechi anthu ndi omwewo, koma mipando yasinthana. Tembo akuyimbabe ng'oma, koma mawu otsogolera ndi ake ndipo dzina lake ndi limene lili patsogolo. Paul Ngozi, mwini bandi, wabwerera m'mbuyo n'kukhala womuyimbira gitala mnzake. Kwathu banja limakhala ndi munda waukulu umene aliyense amalima, koma munthu amakhalanso ndi kadimba kake kudambo, kumene amadzala zimene mtima wake wafuna. Chimbale chapambali chili ngati dimba limenelo. Kusiyana kwake n'kwakuti apa mwini munda anatenga khasu n'kukathandiza kudimba kwa mnzake.

Zoterezi si zachilendo mu mbiri ya nyimbo za rock. George Harrison anali woyamba mwa The Beatles kutulutsa chimbale chakechake, Wonderwall Music, mu 1968, bandi ikadalipo. Dave Grohl, amene ankayimba ng'oma mu Nirvana, anajambula pafupifupi yekha chimbale choyamba cha Foo Fighters chimene chinatuluka mu 1995. Mu bandi iliyonse mumakhala munthu amene ali ndi nyimbo mumtima koma mpando wake sumulola kuzitulutsa. Kusiyana kuli pa zimene zimachitika pambuyo pake. Ku London ndi ku Los Angeles makampani amasunga matepi m'zipinda zozizira, ndipo ngakhale chimbale chimene sichinagulidwe kwambiri chimakhala ndi nambala yake m'kaundula. Kuno kwathu zinthu zikavuta, zoyamba kuiwalika ndi za munthu wa kumbuyo.

Mukamvera My Ancestors, choyamba kukugundani ndi gitala wa Paul Ngozi, wosasa dala ngati wayilesi yolakwika siteshoni, koma wolemera. Ng'oma za Tembo sizidzionetsera, zimangoyenda molimba. Mawu ake si a munthu wophunzitsidwa kuyimba kukwaya, ndi mawu wamba a munthu amene mungakumane naye pa depoti ya basi. Nyimbozo ndi za m'Chingerezi, koma taonani mitu yake: Coffin Maker, Fisherman, Trouble Maker. Ameneyu ndi wokhoma mabokosi a maliro, msodzi ndi munthu wovuta pamudzi, anthu amene tonsefe timawadziwa. Ndiye pali mutu wa chimbale chonse, umene ukunena za makolo akale. Mnyamata wa ku Zambia, ndi zida zopangidwa kunja, m'chilankhulo cha atsamunda amene anali atachoka zaka khumi zokha zapitazo, akutchula makolo ake.

Kwa ine monga wophunzira mbiri, apa ndi pamene pali phindu la chimbalechi. M'kalasi timaphunzira nthawi imeneyi kudzera m'zolankhula za atsogoleri: Humanism ya Kaunda, kukhazikitsidwa kwa boma la chipani chimodzi mu 1972 ndi 1973, kutsekedwa kwa malire ndi Rhodesia mu Januwale 1973. Zonsezi ndi zoona ndipo n'zofunika. Koma sizitiuza mmene mnyamata wa m'komboni ankadzionera yekha. Atsogoleri ankakamba ngati pali njira ziwiri zokha, kukhala wa chikhalidwe cha makolo kapena kutengeka ndi za Azungu. Tembo sanasankhe pakati pa ziwirizi. Anatenga zonse n'kuziphika mumphika umodzi, ndipo sanapepese kwa wina aliyense. Umboni wotere sumapezeka m'mafayilo a boma. Umapezeka m'mizere ya mbale.

Nanga zinatha bwanji? Mkuwa womwewo umene unadzutsa nyimbozi ndi umene unazigwetsa. Mtengo wa mafuta unakwera kwambiri kuyambira mu 1973, ndipo pofika 1975 mtengo wa mkuwa pa msika wa dziko lonse unali utagwa. Dziko linayamba kusowa ndalama zakunja. Tikumbukire kuti mbale ya vinyl imapangidwa ndi pulasitiki yochokera ku mafuta, ndipo pulasitikiyo, nsambo za gitala, zokuzira mawu ndi matepi zonse zinkagulidwa kunja. Munthu amene ufa wamuthera m'nyumba sagula mbale. Kenako nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inalowa m'dziko. Mu Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa misasa ya ZIPRA pafupi ndi Lusaka, ndipo m'zaka zimenezo boma linkaletsa anthu kuyenda usiku ndi kulamula kuti magetsi azimitsidwe. Bandi imadya za usiku. Usiku ukatsekedwa, bandi yagona ndi njala.

Zokonda za anthu zinasinthanso. Disco inalowa, ndipo mwini bala anaona kuti kulipira munthu mmodzi woseweretsa nyimbo n'kotchipa kusiyana ndi kulipira anthu asanu ndi zida zawo. WITCH yomwe inasintha n'kuyamba kuyimba disco pa chimbale cha Movin' On mu 1980. Kalindula anatenga malo m'mitima ya anthu ambiri, ndipo makaseti ojambulidwa mwachinyengo anamaliza malonda a mbale. Pamwamba pa zonsezi panabwera Edzi. Mu 1987 Kaunda analengeza poyera kuti mwana wake Masuzyo, amene anamwalira mu 1986, anafa ndi matendawa, ndipo oyimba ambiri a m'badwo wa Zamrock anapita m'zaka zomwezo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40. Jagari anasiya siteji ndipo pambuyo pake ankakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya. Mbale zinalowa m'makatoni, makatoni analowa kunsi kwa mabedi, ndipo zotsatira zake ndazifotokoza kale.

Amene anabwera kudzatsegula makatoni otsala anali alendo. Anthu otolera mbale zakale ku Ulaya ndi ku America anayamba kuzisakasaka, ndipo makampani ang'onoang'ono anayamba kuzidindanso. Now-Again Records ya ku Los Angeles, imene anaiyambitsa Eothen Alapatt wodziwika kuti Egon, inatulutsa nyimbo za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya mu 2010, zimbale za WITCH pamodzi mu 2012, ndi magawo awiri a Welcome to Zamrock! mu 2017, okhala ndi mbiri imene mtolankhani wa ku Zambia Leonard Koloko analemba nawo. Mississippi Records, imene inayambira ku Portland m'chigawo cha Oregon, ndi imene inabweza My Ancestors m'masitolo.

Kudindanso mbale si ntchito yamasewera. Poyamba pamafunika gwero la mawu. Ngati tepi yoyambirira ilipo, amagwiritsa ntchito imeneyo. Ngati inasowa, amafunafuna mbale yakale yosakalika kwambiri, n'kuitsuka, n'kukopera mawu ake mu kompyuta, n'kuchotsa kuthetheka kumene kumabwera ndi fumbi ndi zipsera. Kenako makina okhala ndi kansonga kakuthwa amasema mzere umodzi wautali wozungulira pa mbale yofewa. Kuchokera pa mbale imeneyo amapanga chidindo chachitsulo, ndipo chidindocho chimapsinja pulasitiki yotentha n'kutulutsa mbale zambirimbiri. Mbali iliyonse imatenga mphindi pafupifupi 20, ikuzungulira maulendo 33 ndi pang'ono pa mphindi. Ntchito yonseyi imalipirika chifukwa kumayiko olemera vinyl inabwereranso m'fasho. Mu 2022 ku America kunagulidwa mbale zambiri kuposa ma CD, koyamba chichokere 1987.

Ndiyenera kunena chilungamo: popanda anthu amenewa ine sindikanamva dzina la Chrissy Zebby Tembo. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo apa kalumoko kanagwiradi ntchito. Jagari anabwerera pa siteji, filimu ya moyo wake inatuluka mu 2019, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa Zango, chimbale chatsopano patatha zaka pafupifupi 40. Travis Scott anatenga chidutswa cha nyimbo ya Amanaz mu 2023, Tyler anatenga cha Ngozi Family mu 2024. Chofunika kwambiri kwa ine n'chakuti nyimbozi zinabwereranso kwawo. Sampa the Great, wobadwira ku Zambia, anatulutsa Never Forget mu 2022 polemekeza m'badwo wa Zamrock. Amene amati makampaniwa ndi akuba chabe ayenera kuyankha funso limodzi: pa zaka zonse zija mbale zinkaola m'makatoni, ife eni ake tinali kuti?

Komabe chisangalalo changa chili ndi malire. Mbale ya My Ancestors ine sindinaigwirepo. Ndinaimvera pa YouTube, pa foni yosweka galasi. Mbale yatsopano yotere imagulidwa madola 20 kapena kuposerapo, osawerengera mtengo wotumizira, ndipo aliyense wa ife akudziwa mmene dola ikusowera. Ngakhale mbaleyo itafika, ndi angati mwa ife amene ali ndi choiseweretsera? Nyimbo imene inapangidwira anthu a m'makomboni yabwerera m'maonekedwe amene mdzukulu wa anthu omwewo sangakwanitse.

Vuto lachiwiri ndi la kusankha. Wodindanso mbale amasankha zimene makasitomala ake angagule, ndipo makasitomala ake amakonda gitala wosasa chifukwa amawakumbutsa Black Sabbath. N'chifukwa chake Zamrock ili ndi mabuku okongola ndi mafilimu, pamene kalindula, amene anavinitsa anthu ochuluka kwambiri ku Zambia, sanapatsidwe ulemu wofanana kunjako. Palibe amene wanama, koma chithunzi chapendekeka. Wophunzira wa mawa akadzafuna kudziwa zimene anthu a kuno ankamvera, adzapeza zimene khutu la ku Portland ndi Los Angeles linakonda. Wosunga nkhokwe ndi amene amasankha mbewu ya chaka chamawa.

Izi zikutikhudza ife Amalawi kwambiri kuposa mmene tingaganizire. Pamene anyamata a ku Kitwe ankasiya tsitsi ndi kukuza magitala, kuno kunali lamulo la 1968 lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, komanso malamulo a kavalidwe a mu 1973. Mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa, ndipo nyimbo ya Cecilia ya Simon and Garfunkel inaletsedwa. Wayilesi inali imodzi, MBC, ndipo oyimba ambiri ankajambulira kumeneko pa matepi. Tinali ndi Daniel Kachamba, Allan Namoko, Robert Fumulani ndi ena ambiri, koma zambiri za nyimbo zawo sizinadindidwe pa mbale zochuluka zoti n'kumwazikana m'manyumba. Ku Zambia mbale imodzi ikapulumuka m'katoni, chimbale chonse chapulumuka. Kwathu tepi imodzi ikaola, nyimbo yapita. Ndipo ngati za Kachamba ndi Namoko zili pa chiopsezo chotere, nanga za woyimba bezi wawo, kapena woyimba ng'oma amene tsiku lina anapempha kuti ajambuleko nyimbo yake?

Ngakhale nyimbo za makolo athu zimene Hugh Tracey anajambula ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 zimasungidwa ku International Library of African Music, pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Koma tili ndi chitsanzo chosonyeza kuti ntchitoyi sifuna mlendo nthawi zonse. Dr John Lwanda, Mmalawi wokhala ku Scotland, anayambitsa Pamtondo n'kutulutsa nyimbo za Allan Namoko, komanso walemba zambiri za mbiri ya nyimbo zathu. Tilinso ndi COSOMA, imene inayamba ntchito mu 1992, ndi lamulo latsopano la umwini wa luso la mu 2016. Zida zilipo. Chimene chikuchepa ndi anthu oona kuti kaseti yakale ndi umboni wa mbiri mofanana ndi kalata ya bwanamkubwa.

Sindikunena kuti timange fakitale ya vinyl ku Blantyre. Ndikunena zinthu zing'onozing'ono zimene wophunzira aliyense angachite. Ife amene timalemba kafukufuku wa chaka chomaliza tingasankhe bandi imodzi ya kwathu, n'kupeza amene akadali moyo, n'kuwafunsa kuti ndani ankayimba chida chiti, anajambulira kuti, ndipo analipidwa zingati. Tisamangofunsa mtsogoleri. Tifunsenso wa kumbuyo uja, chifukwa nthawi zambiri ndi iye amene ankaona zonse. Tikapeza mbale kapena kaseti, tijambule chikuto chake mbali zonse ziwiri, tilembe mayina, ndipo tiisunge pamthunzi itaimirira. Ndipo mlendo akadzabwera ndi kalumo kake, adzatipeze tikudziwa chimene tili nacho ndi mtengo wake, kuti banja la woyimba lisadzasayine pepala limene silikulimvetsa.

Pa tchuthi chapitachi ndinafunsa agogo anga aakazi ngati akukumbukira nyimbo zimene zinali m'katoni ija. Anaseka n'kunena kuti, "Iwe, zimene zija zinali za agogo ako ndi anzawo, ife timangomva phokoso." Ndinawaikira My Ancestors pa foni. Anamvetsera kanthawi, kenako anati phokoso lake ndi lomwelo, la Loweruka masana ku Chingola, anthu atalandira. Sanganene ngati mbale ya Tembo inalimo m'katoni ija, ndipo palibenso amene anganene. Koma anayamba kundiuza za holo imene ankapita, za nsapato zazitali zimene agogo aamuna ankavala, ndi za mnzawo wina wa ku Mzimba amene anagulitsa njinga kuti agule gitala. Ndinatsegula chojambulira mawu pa foni, ndipo tinacheza mpaka batire inatha.